Musanapinde zovala za chilimwe, ziyang'aneni powala

A Mkonzi,

Tipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi owerenga pa nkhani imene ambiri amaiyesa yachibwana mpaka itawadyera ndalama. Ife olemba kalata ino ntchito yathu ndi kusoka, kukonza ndi kuchapa zovala. Kutentha kukupita kumapeto, ndipo posachedwapa malaya opepuka, madiresi, makabudula ndi masandasi zilowa m'masutikesi ndi pansi pa kabati kukadikira chaka chamawa. Chimene tikufuna owerenga amve n'chakuti chovala cha chilimwe sichithera pathupi pokha. Nthawi zambiri chimafera mopindidwa, mumdima, chifukwa cha zinthu zimene mwini wake sanazione tsiku limene ankachisunga.

Ntchito younika zovalazi ndi ya tsopano, thupi likadakumbukira. Lero mukuidziwa shati imene inkakumatani pamsana dzuwa likafika paliwombo, siketi imene inkakwera mukamayenda, nsapato imene inakutulutsani matuza kuchidendene. Pakadutsa miyezi 6 zonsezi zidzakhala zitaiwalika. Mudzavalanso zomwezo n'kuvutika chimodzimodzi, kapena mudzagula zina zofanana nazo ndendende.

Patulani maola 2 kapena 3 masana, pafupi ndi windo. Babu la m'chipinda limabisa chikasu cha thukuta pa nsalu yoyera, koma kuwala kwa dzuwa sikubisa kanthu. Tulutsani zonse muyale pabedi, kuphatikizapo za m'dengu la zochapa, za kuseri kwa chitseko ndi zimene zinatsalira m'chikwama cha paulendo. Pogawa musayambe ndi funso lakuti chokongola n'chiti. Yambani ndi zimene zinachitikadi: mulu wa zimene munavala sabata ndi sabata, mulu wa zimene munavala kamodzi kapena kawiri, ndi mulu wa zimene sizinakhudze thupi chilimwe chonse.

Mulu wachitatuwu ndi umene anthu amauthamangira, ena kutaya zonse, ena kubwezera zonse m'kabati poti n'zatsopano. Onsewa alakwitsa. Chovala chimene simunavale chili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimadziwika mukachivala. Musangoima chilili pagalasi. Khalani pampando, kwezani manja ngati mukutsitsa kanthu pamwamba, weramani ngati mukumanga zingwe za nsapato. Ngati mabatani a pachifuwa akuyasamula, chovalacho n'chothina: shati kapena bulauzi ya nsalu yosatamuka imafuna kuti ipose muyeso wa chifuwa chanu ndi masentimita 5 mpaka 10. M'chiuno mwa thalauza muzilowa zala ziwiri mutakhala pansi, osati mutaimirira.

Apa m'pamene muyenera kudziwa zimene telala angathe ndi zimene sangathe. Kuchepetsa n'kosavuta. Thalauza imachepetsedwa m'chiuno ndi masentimita 4 kapena 5 kudzera pa msoko wakumbuyo, koma kupitirira apo matumba akumbuyo amayandikana moseketsa. Kukulitsa kumadalira nsalu yotsala mkati mwa msoko. Tembenuzani chovalacho muone. Zovala zambiri za m'fakitale zimangotsala ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, choncho musayembekezere zozizwitsa. Komanso pa nsalu imene yasuluka ndi dzuwa, mzere wa msoko wakale umaonekera mukakulitsa. Mapewa ndiwo osalimbana nawo: ngati msoko wa phewa wagwera kumkono kapena wakwera kukhosi, kukonza kwake n'kusokanso theka la chovalacho.

Nthawi zina chovala chikukwanani bwinobwino koma munkachizemba chifukwa cha kutentha. Werengani kachikwangwani ka mkati. Ulusi wa thonje umatha kusunga chinyezi chokwana pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwake, lineni ndi visikosi kuposa apo, pamene poliyesitala safika n'komwe 1 peresenti. N'chifukwa chake bulauzi ya poliyesitala yolukidwa mothinana imasiya thukuta pakhungu. Msampha wina ndi diresi imene kunja kwake n'kwa thonje koma nsalu yam'kati n'ya poliyesitala. Mwagula thonje, koma khungu lanu lavala pulasitiki. Yoteroyo telala atha kuchotsa nsalu yam'katiyo n'kuikamo ya thonje yopyapyala, ndipo diresi imene inangokhala chilimwe chonse imasanduka yovala tsiku lililonse. Chovala china sichivalidwa chifukwa chosowa chinzake chovalira limodzi, kapena chifukwa chimafuna simbi nthawi zonse. Chimenecho chilibe mlandu, koma dziwani kuti chaka chamawa ulesi wa kusita udzakhala womwewo.

Tibwere ku mulu woyamba, wa zimene munazikonda, chifukwa ndi umene uli pangozi. Tengani chimodzichimodzi, chitembenuzeni, ndipo muchikweze ku kuwala kwa windo. Pamene nsalu yaperepeseka kuwala kumadutsa kwambiri kusiyana ndi malo ena. Yang'anani kukhwapa, mkati mwa kolala, pakati pa ntchafu, pamatako, pakamwa pa matumba, ndi pa phewa limene mumakolekapo lamba wa chikwama. Kokani msoko pang'ono mbali zonse ziwiri. Ulusi wosokera ukaduka, imeneyo ndi ntchito ya mphindi 5 pa makina. Koma ngati nsalu yeniyeniyo ikuyoyoka m'mbali mwa msoko n'kumaoneka ngati makwerero, msokowo uyenera kulowetsedwa mkati pang'ono ndi kulimbitsidwa, apo ayi udzang'ambika tsiku loyamba. Yerekezaninso mtundu wa pamapewa ndi wa mkati mwa mpendero, kumene dzuwa silifika. Kusiyana kwake ndiko kukuuzani mmene chovalacho chasulukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo diresi imodzi imafuna mphindi 2 kapena 3 zoiyang'ana mofatsa.

Tsopano nkhani yaikulu, ya kuchapa. Chilichonse chimene chinakhudza thupi, ngakhale kwa ola limodzi, chichapidwe chisanasungidwe. Anthu amanunkhiza shati, n'kuona kuti ilibe fungo kapena dontho, n'kuipinda. Koma thukuta ndi mafuta a khungu zikangouma sizioneka. Zimatenga masabata kapena miyezi zikusakanikirana ndi mpweya, kenako n'kusanduka zachikasu, ndipo zikafika pamenepo zimakhala zitalowerera mu ulusi. Chimodzimodzi zakumwa zotsekemera zopanda mtundu: dontho lake limauma osaoneka, koma shuga wake amadzatuluka ngati banga lofiirira. Pefyumu nayenso amachita zomwezo pakolala ndi pachifuwa. Munthu akadzatsegula sutikesi amaganiza kuti mwalowa madzi kapena kachilombo, chonsecho bangalo analipinda yekha.

Chikasu cha kukhwapa chimafuna kufotokozedwa pachokha, chifukwa n'chimene chimatha mashati oyera ambiri. Sichichokera ku thukuta lokha. Mafuta ambiri oletsa thukuta amakhala ndi aluminiyamu, ndipo iyeyu akasakanikirana ndi thukuta amamatirira pa nsalu n'kupanga chikhakha chouma chachikasu. Ambiri akaona zimenezi amathamangira jiki, ndipo m'pamene amaimaliza shatiyo. Thukuta lili ndi mapuloteni, ndipo kolorini wa mu jiki akakumana ndi mapuloteni chikasucho chimangowonjezeka, kwinaku ulusi ukufooka. Njira yake ndi iyi. Sakanizani gawo limodzi la viniga woyera ndi magawo 4 a madzi, munyikemo malo okhudzidwawo kwa mphindi 30, kenako mutsukuluze. Mukatero pangani phala la soda wophikira, masupuni aakulu 3 kapena 4 ndi madzi pang'ono, mulipake ndi mswachi wakale, lidikire ola limodzi, n'kuchapa. Musathire viniga ndi soda nthawi imodzi. Thovu lake limasangalatsa maso, koma ziwirizi zimaphana mphamvu n'kutsala madzi amchere basi.

Banga likakanika, gwiritsani ntchito ufa woyeretsa wa okosijeni, umene pa paketi pake pamalembedwa kuti sodium percarbonate. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa malita 4 a madzi ofunda a madigiri 40 mpaka 60, ndipo chovala chikhalemo kuyambira ola limodzi mpaka maola 6. M'madzi ozizira ufawu sugwira bwino ntchito. Suyenera pa silika ndi pa ubweya, ndipo pa chovala chamtundu yesani kaye pa kamalo kobisika mkati mwa mpendero. Chenjezo limodzi tisalidumphe: jiki sasakanizidwa ndi viniga kapena amoniya, ngakhale pang'ono. Zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha mapapo.

Banga lina la chilimwe limene limasokoneza anthu ndi la mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala otchedwa avobenzone, amene akakumana ndi madzi okhala ndi ayironi wambiri amasiya mizere yonga dzimbiri pakolala ndi kumapeto a mikono. Chodabwitsa n'chakuti bangali limaoneka chovala chitachapidwa, osati chisanachapidwe. Nalonso jiki amalikulitsa. Yambani ndi kuchotsa mafutawo: dontho la sopo wamadzi wotsukira mbale pa nsalu youma, mulitikite ndi zala, lidikire mphindi 15, n'kutsukuluza ndi madzi ofunda. Chadzimbiri chotsalacho chimachoka ndi madzi a ndimu ndi mchere, kapena mankhwala ochotsera dzimbiri pa nsalu. Sopo wa mbale yemweyo ndiye wothandizanso pa mzere wakuda wa pakolala, umene kwenikweni ndi mafuta a khungu ndi a tsitsi ogwira fumbi. Koma magazi amafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amawaphika n'kuwamatiza.

Lamulo la mabanga onse n'lakuti chovala chisaone simbi kapena makina oumitsira mpaka mutatsimikiza kuti banga lachoka. Kutentha kumalikhazika mpaka kalekale. Chiume ndi mphepo, muchione powala, ndipo ngati pakadali kamthunzi bwerezani.

Matisheti a masewera ndi zovala zina za poliyesitala zili ndi vuto lawolawo. Zimatuluka m'madzi zikununkhira, koma mukangovala mphindi 20 fungo lija labwerera. Poliyesitala amakana madzi koma amakonda mafuta, ndiye mafuta a khungu amakanirira mu ulusi. Ofufuza a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anapezanso mu 2014 kuti mabakiteriya a mtundu wa Micrococcus, amene amabweretsa fungo, amachulukana bwino pa poliyesitala kusiyana ndi pa thonje. Zoterezi zichapeni zotembenuza, mutazinyika kaye m'madzi a viniga aja kwa theka la ola, ndipo musathiremo mankhwala ofewetsa zovala, chifukwa amakuta ulusi n'kutsekera fungo mkati. Sopo wambiri sathandiza. Wotsalira mu nsalu amagwira litsiro, ndipo pa zoyera amadzasanduka wachikasu posunga. Pa kuchapa komaliza kwa nyengoyi tsukuluzani kawiri.

Safunsa anadya phula, choncho tizithunzi ta pa kachikwangwani tifunseni musanatenthetse madzi. Kabeseni kokhala ndi nambala kakunena madigiri amene madzi asapitirire. Kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi ka mankhwala oyeretsera: kakakhala ndi mizere iwiri yopendekera ndiye kuti ufa wa okosijeni wokha, kakadulidwa ndi mtanda ndiye kuti ayi ndithu. Pa kasimbi, kadontho kamodzi ndi moto wochepa wa nsalu zonga nayiloni, tiwiri ndi wapakati, titatu ndi moto wa thonje ndi lineni, pafupifupi madigiri 200. Visikosi, amene amapanga madiresi ambiri opepuka, amafooka kwambiri akanyowa. Musamupotokole pofinya kapena kumukoleka akudontha madzi. Mukulungeni m'thawulo, mupsinje, n'kumuyala.

Zikauma, konzani musanasunge. Tikudziwa kuti mtima umati ndidzakonza ikadzafika nthawi yovala, koma nthawiyo ikafika mumakhala mukuthamanga, ndipo batani lotayikalo mulibenso. Batani lolendewera lichotseni n'kulisokanso. Ikani kamtengo ka machesi pakati pa batani ndi nsalu, sokani maulendo 5 kapena 6, chotsani kamtengoko, zungulizani ulusi katatu kapena kanayi pansi pa batani, n'kumanga kumbuyo. Kakhosi kameneko ndi kamene kamapatsa malo nsalu ya mbali inayo, ndipo batani silikoka n'kung'amba shati. Zipi imene ikutseguka m'mbuyo mukaikoka nthawi zambiri mano ake ali bwino. Chakhwepa ndi kamutu kokokera, ndipo kukapana pang'onopang'ono ndi pulayazi mbali zonse ziwiri kumakabwezeretsa. Mukapana mwamphamvu kamasweka. Zipi yolimba ipakeni kandulo kapena nsonga ya pensulo.

Pakati pa ntchafu za thalauza kapena kabudula musadikire kuti paboole. Chigamba choikidwa mkati nsalu ikadali yopyapyala, chopitirira malo operepesekawo ndi masentimita 2 mbali zonse, n'kusokedwa mizere yoyandikana motsata ulusi wa nsaluyo, sichioneka kunja ndipo chimawonjezera chilimwe china chathunthu. Pakaboola, chigamba chimaoneka ndipo sichikhalitsa. Kolala ya shati imene yatha pamkupindo itha kusomoledwa n'kutembenuzidwa, malinga ngati kunsi kwake kulibe timatumba ta tizitsulo tolimbitsa nsonga. Timabowo ting'onoting'ono ta kutsogolo kwa tisheti, cha pamchombo, anthu amanamizira njenjete. Kawirikawiri ndi nsalu imene imapanikizika pakati pa batani la jinzi ndi m'mphepete mwa tebulo kapena lamba wa m'galimoto. Titsekeni ndi ulusi umodzi wopyapyala kuchokera mkati tisanakule.

Lasitiki ndi nkhani ina. Ulusi wotamuka umene uli m'zovala zosambirira, m'chiuno mwa makabudula ndi m'zovala zamkati umaphedwa ndi kutentha, kolorini wa m'madamu osambirira ndi mafuta odzola. Kokani pafupi ndi khutu. Mukamva kuthetheka, kapena mukaona timaulusi toyera tikutuluka, kapena nsalu ikapanda kubwerera m'malo mwake, wafa, ndipo sadzuka. Wa m'chiuno amasinthidwa: dulani watsopano wofupika ndi masentimita pafupifupi 5 poyerekeza ndi chiuno chanu, mulumikize mosanjikiza masentimita 2. Koma chovala chosambirira chimene nsalu yake yonse yafa chisatenge malo m'sutikesi. Chimene chikadali bwino chichapeni pamanja m'madzi ozizira, chiume pamthunzi, ndipo chisungidwe chosapanikizidwa.

Posunga, mdani woyamba ndi chinyezi. Chovala chimaoneka chouma pamene m'misoko, m'chiuno ndi m'matumba mukadali monyowa. Chisiyeni tsiku lina lathunthu pamalo opita mphepo, ndipo ngati mwasita ndi nthunzi chizizire kaye. Nkhungu imayamba kumera chinyezi cha mumpweya chikamakhala pamwamba pa 70 peresenti kwa masiku angapo, ndipo timadontho take takuda pa thonje ndi lineni nthawi zambiri sitichokeratu. Bokosi lisagunde khoma lakunja kapena kukhala pasimenti penipeni. Likwezeni pa thabwa. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato musamataye, ponyanimo tingapo.

Musathire sitachi zovala zokasunga. Sitachi ndi chakudya cha mphemvu ndi tizilombo tasiliva tija timapezekanso m'mabuku akale, ndipo pomudya timadya ndi nsalu yomwe. Kunena zoona, ngakhale kusita kumene n'kutaya nthawi, poti mudzasitanso potulutsa. Mapepala apulasitiki opyapyala amene zovala zimabweramo kuchokera kochapitsa achotseni tsiku lomwelo. Amatsekera chinyezi, ndipo ena ali ndi mankhwala otchedwa BHT amene amachititsa nsalu yoyera kuchita chikasu. Makatoni nawo amakoka chinyezi ndi tizilombo, ndipo pakapita nthawi amathimbiriritsa zoyera. Chabwino ndi bokosi lapulasitiki lolimba lokhala ndi chivundikiro, ngati zovalazo zaumadi, kapena sutikesi yoyera mkati yoyalidwa nsalu yakale ya pabedi. Phukusi la pilo la thonje limasunga bwino diresi yofewa. Matumba ochotsa mpweya amapulumutsa malo, koma lineni ndi silika zimatulukamo ndi makwinya ouma ovuta kuwongola.

Njenjete zimanamiziridwa zambiri, ndiye tinene zoona zake. Kagulugufe kamene mumakaona sikadya nsalu. Zimadya ndi mphutsi zake, ndipo kakakazi kamodzi kamaikira mazira 40 mpaka 50. Chakudya chawo chenicheni ndi ubweya, silika ndi nthenga. Thonje ndi lineni zimazidya makamaka zikakhala ndi thukuta kapena zotsalira za chakudya, ndiye taonani kuti tabwereranso ku kuchapa kuja. Chovala chimene mukuchikayikira chiikeni m'thumba lotseka n'kuchisiya mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro kwa maola osachepera 72, ndipo sabata yathunthu ndiye bwino koposa. Madzi opitirira madigiri 50 kwa theka la ola amaphanso mazira, ngati nsaluyo ikulola. Timibulu toyera ta naphthalene ife sitikulimbikitsa. Mayiko a European Union analetsa timibuluti mu 2008. Ana amatiyesa maswiti, ndipo mpweya wake utha kuswa maselo ofiira a magazi mwa makanda ndi mwa anthu obadwa ndi vuto lina la magazi lotchedwa G6PD. Matabwa a mkungudza ndi maluwa a lavenda amathandizako pang'ono fungo lake likadali lamphamvu, koma salowa m'malo mwa chivundikiro chotseka bwino.

Kupinda kapena kukoleka? Chilichonse cholukidwa motamuka, monga tisheti, diresi ya nsalu ya tisheti ndi juzi yopepuka, chipindidwe. Pa hang'ala chimatalika n'kumera nyanga pamapewa. Diresi yodulidwa mopingasa nsalu, ija imagwa mokongola pathupi, nayonso ikakhala pa hang'ala miyezi ingapo mpendero wake umatsika mbali imodzi. Majekete opepuka ndi mashati akolekedwe pa mahang'ala okhuthala, batani lapamwamba litamangidwa. A waya amachita dzimbiri n'kulisiya pa nsalu. Lineni ndi wolimba koma ulusi wake supirira kupindidwa pa mzere umodzimodzi, umathyoka n'kusiya mzere woyera umene simbi siichotsa, choncho ndi bwino kumukulunga ngati mphasa. Zolemera pansi, zopepuka pamwamba, zoyera padera ndi zamitundu yakuda monga jinzi, chifukwa mtundu umatha kusamukira pa chinzake kukachita chinyezi. Chotsani malamba, mapini ndi zonse za m'matumba.

Nsapato zisalowe m'bokosi ndi fumbi lake. Masandasi achikopa apukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, makamaka popondera pamene thukuta lasiya chithunzi cha phazi, aume pamthunzi kutali ndi moto, kenako muwapake mafuta a chikopa. Mchere wa thukuta ndi umene umaumitsa timalamba n'kutithyola. Nsapato zansalu zichapidwe zitachotsedwa zingwe ndi zopondera zamkati. Mkati mwake ikanimo mapepala oyera kuti zisaphwanyike. Mutikhululukire a Mkonzi, koma nyuzipepala pa ntchito iyi ayi, inki yake imasamukira pa nsapato yoyera. Yang'anani chidendene: ngati chadyeka mbali imodzi, chipite kwa wokonza nsapato tsopano mphira yokha isanathe n'kufika pa thupi la nsapato. Dziwaninso kuti nsapato zina zopepuka zili ndi zapansi za polyurethane, zimene zimafumbutuka zokha zikakhalitsa pachinyezi osavalidwa. Zoterezo kuzisunga zaka ziwiri kapena zitatu poti n'zapamwamba n'kuzitaya. Chipewa cha mlaza kapena cha udzu chipukuteni kalamba ka mkati kamene kamamwa thukuta la pamphumi, ndipo chigone chagada, mutu wake pansi, kuti mlomo wake usaphwathalale.

Zotsala ndi zimene zikutuluka m'nyumba. Chopatsa munthu wina chikhale chochapa, chosang'ambika, choti inuyo mukanachilandira osachita manyazi. Chachikasu kukhwapa ndi cha lasitiki wakufa si mphatso. Chotsani mabatani ndi zipi zabwino musunge m'kabotolo, ndipo nsalu ya thonje muidule zopukutira. Ya poliyesitala simwa madzi, ndiye ngakhale ntchito imeneyi siitha. Za ana zimafuna kuganiza kwina: mwana amene kabudula akumukwana ndendende lero sadzalowamo chaka chamawa, choncho musunge zokhazo zimene zili ndi malo, kapena zimene mng'ono wake adzazipeza pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri, lasitiki asanafe.

Musanatseke bokosi tengani pepala mulembe zinthu zitatu kapena zinayi zimene zasowadi, ndipo mulembe mwatsatanetsatane. Osati "mashati" chabe, koma "shati imodzi yoyera ya thonje, ya mikono yaifupi, yokulirapo pachifuwa kuposa yabuluu ija". Umboni wake uli pabedi pomwepo. Chimene chatha ndi kuvalidwa ndicho choyenera kulowedwa m'malo ndi chofanana nacho, ndipo mulu wa zosavalidwa uja ukukuuzani nsalu ndi masokedwe oti musadzagulenso. Kumapeto kwa nyengo masitolo amatsitsa mitengo ya zovala za chilimwe, ndipo wopita kumeneko wopanda pepalali amabwerako ndi mulu wachitatu wa chaka chamawa. Likopereni mufoni, lenilenilo muliike pamwamba pa zovala, ndipo kunja kwa bokosi mulembe zimene zili mkati.

Siyani kunja zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka, chifukwa nyengo sisintha tsiku limodzi ndipo tisheti imavalidwanso mkati mwa juzi. Pakatha masabata 6 kapena 8 tsegulani bokosilo tsiku louma. Nunkhizani, pisani dzanja mpaka pansi mumve ngati muli chinyontho, yang'anani m'makona ngati muli timaukonde kapena tinyenyeswa tonga mchenga, zimene ndi zizindikiro za mphutsi za njenjete. Za lineni ndi za silika zipindeninso pa mizere ina, ndipo timapaketi ta silica gel tikakhala kuti takhuta chinyezi musinthe.

Ife owerenga anu,
Osoka ndi ochapa zovala